Moyo wa Corrie ten Boom, Mai Amene Anaphunzira Kukhululukira

M'tsamba lino ndifuna kukusimbirani za moyo wa mai wina wa ku dziko la Holland, dzina lake Corrie ten Boom, amene anamwalira m'chaka cha 1983. Ndamusankha chifukwa cha chinthu chimodzi chimene ambiri a ife timachibisa pansi pa yunifomu. Timafika pa msonkhano, timaimba, timapemphera, koma pali munthu amene dzina lake likangotchulidwa mtima umayamba kuthamanga. Kwa wina ndi alamu amene anasesa katundu yense maliro atangotha, kwa wina ndi mkazi amene anampasulira banja, kwa wina ndi mnzake wa m'tchalitchi momwemo amene anamnenera bodza. Corrie anaudziwa bwino ululu umenewu, pakuti amene anamlakwira anamphetsera atate ake ndi mkulu wake.

Iye anabadwa pa 15 Epulo 1892 mu mzinda wa Amsterdam, koma anakulira ku Haarlem, m'nyumba yopanikiza imene pansi pake panali sitolo yokonzera mawotchi ndi nkoloko. Atate ake, a Casper ten Boom, ndiwo anali mwini sitoloyo. Corrie anali chitsiriza. Akulu ake anali Betsie ndi Nollie, ndipo mlongo wake Willem anadzakhala mbusa. Banja limeneli linali la Eklesia wa Reformed wa ku Holland, kotero kuti ngakhale dziko lao lili kutali, chiphunzitso chimene anakula nacho sichachilendo kwa ife. M'mawa ndi madzulo a Casper ankatsegula Baibulo pa thebulo, ndipo aliyense amene anali m'nyumbamo, ngakhale wantchito wa m'sitolo, ankakhala pansi kumvetsera. Ambuye ake a Corrie anali atayambitsa m'nyumba yomweyo mapemphero opempherera Ayuda m'chaka cha 1844. Musaiwale chaka chimenechi, chifukwa patapita zaka 100 zenizeni mapempherowo anadzawafunsa mtengo wake.

Pali zinthu ziwiri zimene a Casper anamphunzitsa ali wamng'ono, zimene zinamthandiza moyo wake wonse. Tsiku lina Corrie ataona mtembo wa khanda kwa oyandikana nao, anachita mantha nalira usiku, poopa kuti atate akenso adzamwalira ndipo iye sadzatha kupirira. A Casper anamkumbutsa za maulendo ao a pa sitima opita ku Amsterdam, kuti tikiti sankampatsa kukali masabata, ankampatsa pamene akwera. Anamuuza kuti Mulungu naye amapereka mphamvu pa ola limene ifunika. Chachiwiri chinachitika atakula. Anakonda mnyamata wina dzina lake Karel, ndipo ankayembekezera ukwati, koma tsiku lina Karel anafika pakhomo ndi mtsikana wa ku banja lolemera amene anali atamtomera. Corrie anawalandira, anawapatsa khofi, ndipo atachoka anakadzigwetsa pa bedi. Atate ake sanamnamize kuti adzapeza wina. Anamlangiza kuti asachiphe chikondicho pofuna kuthawa ululu, koma apemphe Mulungu achitsegulire njira yina yoyendamo. Corrie sanakwatiwe konse.

Zaka zotsatira zinali za ntchito wamba. Amai ake anamwalira mu 1921. Iye anaphunzira ntchito ya atate ake, ndipo amadziwika kuti ndiye mkazi woyamba ku Holland kulandira chilolezo cha ntchito yokonza mawotchi. Betsie, amene anali ndi matenda ochepa magazi kuyambira ubwana, ankasamala nyumba ndi kuphikira aliyense wogogoda pakhomo. Analera ana a anthu ena, makamaka a amishonale, ndipo Corrie anayambitsa magulu a atsikana ndi kuphunzitsa Mau a Mulungu kwa anthu ofooka m'maganizo. Pamene nkhondo inafika, Corrie anali ndi zaka 48. Anali mai wa msinkhu wa ambiri a inu, wozolowera sitolo, khitchini ndi tchalitchi basi.

Mu Meyi 1940 asilikali a Hitler analanda dziko la Holland, ndipo posakhalitsa Ayuda anayamba kugwidwa ndi kutumizidwa ku misasa kumene ankaphedwa. Mu 1942 mai wina Wachiyuda anafika usiku ndi sutikesi m'manja, mwamuna wake atagwidwa kale. A Casper anamlandira. Pambuyo pake anabwera ena, ndipo nyumbayo inasanduka malo obisalamo ndi opititsirako anthu ku malo ena. Chakudya nthawi imeneyo chinkagulidwa ndi makhadi a boma, amene Ayuda obisala analibe, ndipo Corrie anapeza makhadi 100 kudzera mwa munthu wina wa ku ofesi ya zakudya amene mwana wake wolumala ankabwera ku maphunziro ake aja. M'chipinda chake chogona anamangamo khoma lachiwiri la njerwa, kusiya kampata kosakwana mita imodzi m'lifupi, kolowera pansi pa kabati chokwawa. Munkakwana anthu 6 ataimirira.

Pa 28 Febuluwale 1944 Corrie ali chigonere ndi chimfine chachikulu, panafika munthu wina wa ku Holland komweko, nanena kuti mkazi wake wagwidwa chifukwa chobisa Ayuda, ndipo afuna ndalama zomuombolera. Corrie anamlonjeza thandizo. Unali msampha. Tsiku lomwelo apolisi achinsinsi a Ajeremani analowa m'nyumbamo, anamenya Corrie ndi Betsie, nagwira anthu pafupifupi 30. Koma anthu 6 amene anathawira kuseri kwa khoma sanawapeze. Anakhala m'menemo mu mdima pafupifupi masiku awiri, kufikira anzao anadzawatulutsa.

A Casper anali ndi zaka 84. Mkulu wina wa apolisi atawaona ukalamba wao anafuna kuwamasula ngati alonjeza kusiya, koma iwo anakana, nati akabwerera kwao adzatsegulirabe aliyense wosowa wogogoda pakhomo. Anamwalira patapita masiku 10, ali m'manja mwa oyang'anira ndende ya Scheveningen, ndipo anaikidwa m'manda a osauka popanda mwana wao ndi mmodzi yemwe. Corrie, amene anatsekeredwa yekha m'chipinda kwa miyezi, anadzamva za imfayo m'kalata yochokera kwa Nollie.

Mu Juni chaka chomwecho Corrie ndi Betsie anawasamutsira ku msasa wa Vught. Kumeneko ndiko Corrie anamva dzina la munthu amene anawapereka uja, Jan Vogel. Apa ndifuna muchedwe pang'ono, amai anzanga, chifukwa Corrie sanabise chimene chinamchitikira. Dzinalo linamlowa m'thupi. Tulo tinatha, m'mimba munkamuwawa, pemphero linauma, ndipo anasiya kutsogolera mapemphero a madzulo. Anavomera yekha kuti munthuyo akadaonekera pamaso pake, akadamupha. Chimene chinkamkwiyitsa koposa chinali kuona Betsie ali phee, ngati kuti palibe chachitika. Usiku wina anamfunsa ngati dzinalo silimvuta. Betsie anayankha kuti limamvuta kwambiri, ndipo amampempherera nthawi zonse likabwera m'maganizo, poganizira mmene munthuyo ayenera kukhala akuzunzikira mumtima. Corrie anagona maso ali gwa, ndipo anazindikira kuti pamaso pa Mulungu iye ndi Vogel anali ndi mlandu umodzi, chifukwa naye anali atapha munthu mumtima ndi pakamwa. Anapempha chikhululukiro, ndipo usiku umenewo anagona tulo kwa nthawi yoyamba patapita sabata.

Mungaganize kuti phunziro linathera pamenepo. Linali litangoyamba. Mu Sepitembala 1944 anawalonga m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe, nawapereka ku Ravensbrück, msasa wa akazi kumpoto kwa Berlin m'dziko la Germany. Akazi oposa 100,000 anapita m'msasa umenewu pa zaka za nkhondo, ndipo zikwi makumi angapo anafera momwemo. Pofika anawavula onse, azimai akuluakulu, nawayendetsa amaliseche pamaso pa asilikali aamuna. Corrie anapatsidwa nambala 66730. Kabaibulo kakang'ono kamene anali nako anakakoloweka m'kathumba kumsana pansi pa diresi, ndipo ngakhale amene anali patsogolo ndi pambuyo pake anafufuzidwa, iye anapita osakhudzidwa.

Nyumba imene anawaikamo inamangidwira anthu 400, koma munali akazi pafupifupi 1,400, ogona pa udzu woola wodzala utitiri. Betsie anamkumbutsa Corrie mau a pa 1 Atesalonika 5, naumiriza mng'ono wake kuti ayamike Mulungu pa zonse za m'nyumbamo, kufikira ndi utitiri womwe. Corrie anayamika mokakamizika, mumtima ali wotsimikiza kuti mkulu wake walakwitsa. Madzulo alionse ankawerenga Baibulo pansi pa getsi limodzi, ena namasulira m'zilankhulo za akazi a maiko osiyanasiyana, ndipo ankadabwa kuti asilikali salowamo. Patapita nthawi anamva chifukwa chake: asilikaliwo ankaopa utitiri.

Betsie anapitirira kufooka. Tsiku lina pa ntchito yokumba, msilikali wamkazi anamseka chifukwa cha dothi lochepa limene ananyamula pa fosholo, namkwapula ndi chikoti kufikira magazi. Corrie anagwira fosholo yake kuti akanthe msilikaliyo, koma Betsie anamletsa, naphimba balalo ndi dzanja, namuuza kuti ayang'ane kwa Yesu. M'masabata ake otsiriza Betsie ankangokamba za zimene adzachita nkhondo ikatha: nyumba yaikulu ya maluwa ku Holland yochiritsiramo anthu osweka mitima, ndiponso msasa wina ku Germany komweko, wopakidwa penti yobiriwira, wosamaliramo Ajeremani amene anaphunzitsidwa chidani. Corrie akamamva zimenezi ankaganiza za akaidi anzake, pamene Betsie ankaganizanso za owamenya. Betsie anamwalira pa 16 Disembala 1944 ali ndi zaka 59.

Kumapeto kwa mwezi womwewo Corrie anamasulidwa, miyendo ili yotupa. Anadzamva mu 1959, atapitanso kukaona msasawo, kuti anatuluka chifukwa cha kulakwitsa kwa olemba m'ofesi, ndi kuti akazi a msinkhu wake anaphedwa patangopita masiku ochepa iye atachoka. Imfa sizinalekere pamenepo. Kik, mwana wa Willem, anagwidwa chifukwa cha ntchito yomweyo ndipo sanabwerere, ndipo Willem mwini anamwalira mu 1946 ndi matenda amene anatenga m'ndende.

Nkhondo itatha mu Meyi 1945, mai wina wolemera anapereka nyumba yake yaikulu ku Bloemendaal, ndipo Corrie anayamba kulandiramo obwera kuchokera ku misasa ndi ena amene anakhala zaka akubisala. Sankawafulumiza. Ena ankayenda usiku wonse osagona, ena sankalankhula, ndipo ambiri anayamba kuchira polima maluwa ndi ndiwo m'munda. Nyumba ya atate ake ya ku Haarlem anaipereka kwa anthu amene dziko lonse linkawalavulira malovu, ndiwo aja a ku Holland amene anagwirizana ndi adani pa nkhondo. Mu Juni 1945 analembera kalata Jan Vogel, kumuuza poyera kuti chifukwa cha iye atate ake ndi mkulu wake anafa, kuti wamkhululukira, ndi kuti Yesu angamkhululukirenso akalapa. Ku Bloemendaal Corrie anaona chinthu chimene anachinena kawirikawiri pambuyo pake: amene anafika pokhululukira adani ao ankatha kubwerera kukayambanso moyo, ngakhale matupi ao anali ndi zipsera zotani, koma amene anasunga chakukhosi anakhalabe odwala.

Taonani bwino kalata ija. Corrie sanachepetse cholakwacho, anachitchula ndi dzina lake. Ndipo Vogel anagwidwa naweruzidwa ndi khoti, pakuti mlandu suola. Ndanena izi chifukwa nthawi zina mau akuti khululukani timawagwiritsa ntchito potseka pakamwa mai amene amenyedwa kunyumba, kapena wamasiye amene walandidwa munda ndi nyumba. Mai wotere angathe kukhululukira ndi mtima wonse, napitabe kwa akulu a mpingo, kwa mfumu kapena ku polisi, ndipo sanachimwe. Chimene Corrie anataya ndi kufuna kubwezera ndi dzanja lake.

Mu 1947 anapita ku Germany kukalalikira kwa anthu ogonjetsedwa, okhala m'mabwinja, kuti Mulungu amakhululukira machimo. Mu tchalitchi china mu mzinda wa Munich, atatsiriza kulankhula, anaona mwamuna wina akubwera kutsogolo pamene ena akutuluka. Anamzindikira pomwepo. Anali mmodzi wa asilikali a ku Ravensbrück, wa m'chipinda chija anawavuliramo, ndipo m'maso mwake munabwerera mulu wa madiresi ndi nsapato, ndi thupi loonda la Betsie patsogolo pake. Mwamunayo sanamkumbukire Corrie. Anamuuza kuti anagwirapo ntchito ku msasawo, kuti tsopano ndi Mkhristu ndipo adziwa kuti Mulungu anamkhululukira, koma afuna kumva chikhululukirocho pakamwa pa munthu amene anali kumeneko. Anatambasula dzanja.

Dzanja la Corrie linakana. Mai amene anakhululukira Vogel, amene anatsegula nyumba ya ochira, amene mphindi zochepa zapitazo anali kuphunzitsa za chikhululukiro, anaima chilili akufufuza m'kachikwama kake kuti asagwire dzanjalo. Ankadziwa zimene Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 6 za wokana kukhululukira anzake, ankadziwanso zimene anaona ku Bloemendaal, koma mumtima munali pozizira. Anapemphera chamumtima pemphero lalifupi, kumuuza Yesu kuti chimene iye angathe ndi kukweza dzanja lokha, zotsalazo apereke ndi Iye. Analikweza ngati chikuni. Anasimba kuti manja atagwirana, anamva kutentha kuchokera pa phewa kutsika ndi mkono, misozi inatuluka, ndipo anamutcha munthuyo mbale, namuuza kuti wamkhululukira ndi mtima wonse. Corrie sanadzitame nazo. Nthawi zonse ankanena kuti iye anayesa nalephera, ndi kuti chikondicho chinali cha Mzimu Woyera monga pa Aroma 5:5. Tikiti ija ya a Casper inafika pa ola lokwerera sitima.

Ife a Reformed timaphunzitsa ana athu m'kalasi kuti munthu apulumuka ndi chisomo, osati ndi ntchito zake. Koma pa nkhani ya kukhululukira timabwerera ku ntchito. Timadzifinya, timadikira kuti mtima uyambe wafewa, ndipo ukakana timadziweruza kuti sitili Akhristu enieni, kapena timangoleka. Corrie anabwera kwa Mulungu wopanda kanthu m'manja, monga momwe wochimwa aliyense amabwerera, ndipo Iye amene analamula ndiye anaperekanso chochitira lamulolo.

Mu 1949 anapatsidwa msasa wakale ku Darmstadt m'dziko la Germany, naukonza kukhala malo a anthu osowa pokhala, ndi penti yobiriwira ndi maluwa pa mawindo monga ananenera Betsie. Kwa zaka zoposa 30 anayenda m'maiko oposa 60, kuphatikizapo a kuno ku Africa, akulankhula m'matchalitchi ndi m'ndende. Mu 1967 dziko la Israel linamlemekeza chifukwa chopulumutsa Ayuda, ndipo mu 1971 linatuluka buku la mbiri yake lotchedwa The Hiding Place.

Nkhani imene imandigwira mtima koposa ndi ya mu ukalamba wake, ndipo siikhudza asilikali. Akhristu anzake ena amene ankawakonda ndi kuwakhulupirira anamchitira chinthu chomupweteka. Mukadayembekeza kuti wokhululukira msilikali wa ku Ravensbrück sangavutike ndi zazing'ono zotere, koma anakhala masabata awiri osagona. Ankakhululukira masana, usiku nkhani ija nkubweranso. Anakaulula kwa mbusa wina wa mpingo wa Lutheran, amene anamuonetsa belu la pa nsanja ya tchalitchi. Anamfotokozera kuti woliza belu akasiya chingwe, belu silileka pomwepo, limalirabe kangapo, pang'onopang'ono, kufikira litakhala chete. Kukhululukira ndiko kusiya chingwe, ndipo maganizo owawa akabweranso asadabwe, ndi kulira kotsiriza kwa belulo. Zinachitikadi momwemo, ndipo anapeza tulo.

Patapita zaka, mnzake wina wa ku America anamchezera, nakumana ndi anthu aja. Atachoka anamfunsa ngati si omwewo anamlakwira. Corrie anati zonse zinakhululukidwa kale. Mnzakeyo anati eni akewo amakana kuti sanalakwe konse. Corrie ananyamuka msanga kupita ku desiki yake kuti atulutse makalata ao akale, amene anawasunga zaka zonsezo ngati umboni. Mnzakeyo anamgwira mkono, namfunsa mofatsa kuti machimo ake a iye mwini Mulungu anawasungira umboni kuti. Usiku womwewo Corrie, mai wa zaka pafupifupi 80, anatulutsa makalatawo nawatentha pa moto. Ndikhulupirira kuti ena a ife tili nao makalata athu, kapena m'sutikesi pansi pa zitenje, kapena m'foni, kapena pamtima pomwe, okonzeka kuwerengedwa tsiku limene nkhaniyo idzabukanso.

Mu 1977 analeka maulendo nakhazikika ku Placentia, m'chigawo cha California ku America. Chaka chotsatira anadwala sitiroko imene inamlanda mau, ndipo zina zotsatira zinamfoola ziwalo kufikira anakhala chigonere. Mai amene analankhula m'maiko 60 anakhala zaka 5 osatha kulankhula, akusambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi ena. Amene ankamsamala, Pamela Rosewell, anasimba kuti alendo obwera kudzamtonthoza ankachoka atatonthozedwa iwo, ndi kuti ankapemphererabe anthu akamuonetsa makalata ndi zithunzi zao. Anamwalira pa 15 Epulo 1983, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, atakwanitsa zaka 91. Nyumba ija ya ku Haarlem anaitsegula mu 1988 kuti anthu azikaona kampata ka kuseri kwa khoma, ndipo khomalo analiboola pang'ono kuti mlendo athe kusuzumira m'kati.